Mota ya fani ikumaima tikamasinthira ku jenereta, ndipange bwanji kuti isamaime?

wa_uvuni analemba:

Moni akuluakulu nonse. Ndabwera ndi vuto limene latisowetsa mtendere kuntchito, mwina wina anakumanapo nalo. Tili ndi uvuni wowotchera penti ya ufa pa zitsulo, moto wake ndi wa gasi koma mpweya wotentha umazunguliridwa ndi fani yaikulu ya malamba, mota yake ndi 7.5 kW, three phase 400V, imayaka pa DOL (kulumikiza mota molunjika ku magetsi), kontakita imodzi (switchi yokokedwa ndi koyilo ya maginito), overload, batani la Start ndi la Stop basi palibenso china. Jenereta tili nayo ya 60 kVA ndi ATS, switchi yosintha yokha pakati pa magetsi a kampani (mains) ndi jenereta.

Nde magetsi akangothima, olo kungophethira chabe, kontakita imagwa nthawi yomweyo, fani kuyamba kuima, switchi ya mpweya (yoona ngati mpweya ukuyenda) kutseguka, burner (choyatsa moto wa gasi) kuzima. Jenereta imadzuka bwinobwino, pakadutsa masekondi 10 mwina 12 magetsi afika, koma fani siyaka mpaka munthu athamange akadine Start, apeza burner ili pa lockout (yadzitsekera), apange reset, adikire purge (kutulutsa gasi wotsala mu uvuni) ithe, pofika apo uvuni wazizira ndipo zitsulo zimene zinali mkati penti yake siinapse bwino, kuzibwezanso. Chowawa kwambiri nchoti magetsi akabwera ATS ikamabwerera ku mains zimachitikanso chimodzimodzi, ndiye kuthima kumodzi ife timaima kawiri.

Funso langa ndi loti pali njira yoti mota imeneyi isaime nkomwe pamene tikusintha? Mnzanga akuti ndichotse mabatani ndiike switchi wamba ya on/off, kapena ndigule ka UPS ka kompyuta (kabokosi ka batire kopereka magetsi akathima) ndilumikize koyilo ya kontakita kuti izikhala yogwira nthawi zonse. Zikumveka zophweka koma mtima ukukana, nde ndati ndifunse kaye ndisanadule waya uliwonse.

phase_atatu analemba:

Achimwene chimene chikugwetsa kontakita si mota ayi, ndi koyilo. Koyilo ya AC voteji ikatsika imasiya kukoka, pa muyezo wa IEC 60947-4-1 imayenera kugwira bwino kuyambira 85% ya voteji yake ndipo imaloledwa kugwa penapake pakati pa 75% ndi 20%, nde kuphethira kwa ma millisecond 20 okha nkokwanira kuigwetsa. Ikagwa, ka contact kogwirizira kaja kamene kali parallel ndi batani la Start kamatseguka, basi circuit yafa mpaka munthu adinenso. Anazipanga dala choncho kuti makina asamadzidzimutse anthu magetsi akabwera.

Ine ndikuona ngati mnzanuyo sakunama. Ikani ka UPS pa control yonse, koyilo imadya magetsi ochepa kwambiri, kontakita sigwa, jenereta ikafika mota ingopitiriza poti fani yaikulu imakhala ikuzungulirabe ndi kulemera kwake. Mungoonetsetsa kuti ndi ya pure sine wave chifukwa zinazi zimapangitsa koyilo kulira ndi kutentha.

star_delta_mkulu analemba:

A phase_atatu za koyilo mwafotokoza bwino ndithu, koma zomangirira kontakita ndi UPS ndikukana, ndipo a wa_uvuni musapange zimenezo musanamve izi.

Mota ya induction mukaidula magetsi siifa nthawi yomweyo. Mu rotor mumatsala maginito kwa kanthawi, ndiye poti ikuzungulirabe imasanduka ka jenereta, pa mawaya ake pamakhala voteji yakeyake imene ikutsika ndipo frequency yake ikutsikanso pamene liwiro likuchepa. Voteji imeneyi siyenderanso limodzi ndi magetsi akunja, imanka nitsalira mmbuyo. Mukalumikiza magetsi ena pa nthawi imene mbali ziwirizi zasemphana ndi madigiri 180, mota imamva ngati mwaipatsa voteji yoyandikira kawiri, current imaposa ya poyatsa, ndipo mphamvu yopotokola shafiti imabwera kamodzinkamodzi. Zili ngati kukankha munthu wa pa katungwe pamene akubwera kwa inu. Zimene zimavulala ndi key ya pa pulley, malamba kudumpha, breaker kugwa, ndipo ma winding amagwedezeka mkati mpaka insulation kuyamba kufooka, mota ikadzapsa miyezi ingapo kutsogolo palibe amene adzaganize kuti zinayambira pa ATS. Nkhaniyi ndi yodziwika moti ku America muyezo wa ANSI C50.41 unaika malire akuti volts per hertz pakati pa mota ndi magetsi atsopanowo isapose 1.33 ya mlingo wake pa nthawi yolumikiza.

Tsono tisiyanitse kusintha kuwiri kumene mwanenako chifukwa sikofanana. Popita ku jenereta mpata ndi masekondi 10, pa mota ya 7.5 kW maginito aja amakhala atatha kalekale, sadutsa sekondi imodzi kapena ziwiri, nde pamenepo palibe ngozi ya phase, ndi kuyatsa wamba basi. Ngozi ili pobwerera ku mains, poti mbali zonse ziwiri zili zamoyo, sizikuyenderana, ndipo ATS imalumpha mofulumira mota idakali ndi voteji yambiri. Kontakita ija imene ikukukwiyitsani pogwa ndi imene ikuteteza mota yanu panopa. Switchi wamba ya on/off nayonso vuto lake ndi lomweli, kontakita imagwa nkugwiranso pompopompo magetsi akangofika. Ndipo ngati pa ma terminal a mota munamangirirapo ma kapasita a power factor, voteji yotsalira ija imakhalitsa, zimenezo muonenso.

Tsegulani buku la ATS yanu muone ngati ili ndi delayed transition, kumene imaima pakati osalumikiza mbali iliyonse kwa masekondi awiri kapena atatu kenako nkumaliza ulendo. Zina zili ndi in-phase monitor, imadikira mpaka jenereta ndi mains zayandikirana phase ndiye nkulumpha. Palinso closed transition, kumene mbali ziwirizi zimakumana kwa nthawi yosakwana ma millisecond 100, pamenepo pobwerera ku mains mota siimva kalikonse, koma zimafuna synchronising yeniyeni komanso chilolezo cha kampani ya magetsi poti jenereta yanu ikukhudzana ndi laini yawo. Dziwaninso kuti closed transition imathandiza pobwerera pokha, magetsi akathima mwadzidzidzi palibe choti mukumanitse nacho.

China, mota yanu pa full load imakoka ma amp pafupifupi 15, poyatsa pa DOL imakoka ka 6 kapena ka 7, tinene ma amp 100, kuwerengera pa 400V three phase ndi pafupifupi 70 kVA kwa kanthawi, pa jenereta ya 60 kVA imene yangodzuka kumene ndipo yanyamulanso zina. Voteji imagwa ndithu ndipo ma kontakita ena akhoza kuyamba kugwedera. Nde olo mutaika zoti iziyaka yokha, ikani taima ya on-delay, iziyaka jenereta itakhazikika, ndipo ma mota ena azilowa imodziimodzi.

mai_ma_drive analemba:

Ndikugwirizana ndi akulu apamwambapa. Ine ndiyankhe funso lenilenilo loti isaime nkomwe. Pa masekondi 10 amenewo mphamvu iyenera kuchokera penapake, palibe taima kapena relay imene ingazunguze fani popanda magetsi. Koma tawerengani, 7.5 kW kwa masekondi 12 ndi 90 kJ, ndiye kuti 25 Wh basi, mabatire ang'onoang'ono ali nayo mphamvu imeneyo. Chovuta si kuchuluka kwa mphamvu yosungidwa, ndi kutha kuitulutsa yonse mofulumira komanso current ya poyatsa ija. Apa ndi pamene VFD, drive yowongolera liwiro la mota, imasintha zonse.

VFD imatenga AC nkuisandutsa DC, pa 400V DC bus imakhala cha mma 540 mpaka 565V, kenako imapanga AC yakeyake yopita ku mota. Ndiye mota siikhudzananso ndi mains kapena jenereta mwachindunji, nkhani ya kusemphana phase yatha pamenepo, ATS ilumphe mmene ingalumphire. Current ya poyatsa nayonso imatha poti imanyamuka pa ramp, siidutsa kwambiri current ya full load, jenereta imapuma.

Koma musanamizidwe kuti ma kapasita a mu drive akugwirani masekondi 10. Tinene ali 1000 µF, kutsika kuchoka pa 560V kufika 400V akupatsani ma joule osakwana 80, pa 7.5 kW amenewo atha mu ma millisecond 10, kenako drive yagwa pa undervoltage. Chimene chimathandiza ndi ma parameter atatu amene anthu ambiri amawasiya mmene anabwerera ku fakitale. Yoyamba ndi kinetic buffering, drive imatsitsa frequency pang'ono kuti mota ikhale jenereta nkumadyetsa DC bus ndi kulemera kwa fani, choncho drive siizima. Yachiwiri ndi flying start, imafufuza kaye liwiro limene mota ikuzungulira nkuigwira pomwepo, osayambira pa 0 Hz fani ikuthamanga chifukwa zikatero imagwa pa overcurrent. Yachitatu ndi automatic restart. Pa Danfoss FC muziona pa 14-10 Mains Failure ndi 1-73 Flying Start, pa Siemens G120 flying restart ndi p1200, automatic restart ndi p1210, Schneider Altivar amati catch on the fly. Command ya Run ikhale ya 2-wire yosagwa magetsi akathima, apo bi drive idzuka koma ikhala ikudikira munthu ngati kontakita ija.

Pa fani izi zimagwira bwino kuposa pa pampu ya madzi, pampu imaima msangamsanga poti madzi amaigwira. Pa kuphethira kuja komanso pobwerera ku mains, VFD yokha ikuthetserani vuto, fani siidziwa nkomwe kuti chachitika china. Pa masekondi 10 opita ku jenereta ndiye fani itsika liwiro ndithu, ndipo pressure ya fani imatsika ndi square ya liwiro, ikafika 70% pressure yatsala theka, nde switchi yanu ya mpweya itseguka basi.

Ngati mukufunitsitsa moto usazime, ndiye ndi UPS ya online double conversion ya three phase kutsogolo kwa VFD. Ya online poti inverter yake imakhala ikudyetsa katundu nthawi zonse, palibe kulumpha. Ine pa mota iyi ndingaike ya 15 kVA ndi line choke (koyilo yosalaza current) pa drive chifukwa rectifier ya VFD imakoka current yosasalala. Mukhozanso kutenga contact yosonyeza kuti mains yathima nkuipititsa ku digital input ya drive kuti itsike pa 40 Hz, mphamvu ya fani imayenda ndi cube ya liwiro ndiye pa 80% ikudya pafupifupi theka, UPS imapepukidwa, bola pressure ikhalebe pamwamba pa setting ya switchi. Mota ya DOL molunjika pa UPS ayi, ma amp 100 aja aithamangitsira ku bypass kapena kuigwetsa.

wa_uvuni analemba:

Zikomo kwambiri nonse, ndamva ndipo ka UPS pa koyilo ndakasiya. Ndaona pa ATS yathu, controller yake ili ndi taima ya pakati koma inaikidwa pa 0. Ma kapasita pa mota palibe.

UPS ya 15 kVA three phase abwana sangavomere msanga, VFD mwina. Nde ndifunse, tikaika VFD yokha fani nkumatsika liwiro pa masekondi 10 aja, sitingangoika taima pa switchi ya mpweya kuti burner isaone kuti pressure yatsika kwa kanthawi kochepako? Kapena kutsitsa setting yake?

wa_gasi_ndi_moto analemba:

Achimwene pamenepo ayi, switchi ya mpweya musaikhudze, musaiike taima, musaitsitse, musailumphitse waya. Ntchito yake ndi yoti moto usayake mu uvuni mmene mpweya sukuyenda, chifukwa kutentha kumaunjikana malo amodzi ndipo gasi wosapsa akhoza kusonkhana, uvuni wotsekedwa ukaphulika chitseko chimauluka ndi munthu amene waima pamenepo. Purge ija imene ikukuchedwetsani ndi yotulutsa gasi ameneyo moto usanayatsidwenso.

Komanso pali chinthu chimene simunachione. Olo fani itapanda kuima, ma valve a gasi ndi a solenoid, magetsi akachoka amatseka okha ndi spring, controller ya burner nayonso imazima, ka fani ka combustion air nakonso. Ndiye kuti moto usazime pakufunika zonsezo zikhale pa UPS limodzi ndi fani yaikulu ndi ya exhaust ngati ilipo, osati mota imodzi yokha. Kuika controller yokha pa UPS fani ili pa mains nkulakwanso, izingoona mpweya wasowa moto ukuyaka nkulowa lockout nthawi zonse.

Ine ndikufunseni, chimene chikuononga penti ndi masekondi 12 kapena ndi maminitsi amene munthu akuthamanga kukadina mabatani? Penti ya ufa yambiri imapsa cha mma 180 mpaka 200°C kwa maminitsi 10 mpaka 20 chitsulo chitafika pa kutentha kumeneko, ndipo uvuni wotsekedwa bwino suzizira pa masekondi ochepa. Ma controller ambiri magetsi akathima nkubwera salowa lockout, amangoyambiranso sequence yawo. Kwa inu ndikuganiza kuti lockout ikubwera chifukwa controller ikudzuka pa jenereta fani ili chiimire, yadikira mpweya osauona. Mukapanga zoti fani iziyamba yokha kaye, mpweya utsimikizike, kenako controller ipatsidwe chilolezo, ipanga purge yake nkuyatsa popanda munthu. Koma werengani buku la controller yanu chifukwa ena amafuna kuona switchi ya combustion air ili pa malo osonyeza kuti mpweya palibe asanayambe, ndipo amene ali ndi udindo pa za gasi kuntchito kwanu avomereze kusinthako. Mukatero muikenso zoti taima ya kupsa kwa penti iziima kuwerenga kutentha kukatsika pansi pa mlingo, izipitiriza kukabwerera, simudzatulutsanso zitsulo zosapsa.

star_delta_mkulu analemba:

A wa_gasi_ndi_moto anena zoona, yambani ndi njira imeneyo, UPS yaikulu mudzaiganizire mukaona kuti sizinakwane. Taima ya pakati ija ikani masekondi atatu ngati mudakali pa DOL. Mukadzaika VFD mukhoza kuifupikitsa poti drive imadutsa mpata waufupi mosavuta, bola pa ATS yomweyo pasakhale ma mota ena akuluakulu a DOL amene amagwiranso okha.

Chimene ndikuopa ine ndi automatic restart. Mukaiika ndiye kuti mota imeneyi ikhoza kunyamuka yokha munthu ali ndi dzanja pa malamba akuganiza kuti magetsi kulibe. Guard ya malamba ikhalepo nthawi zonse, isolator yokhoma ndi loko pafupi ndi mota, chikwangwani choti makinawa amayaka okha, ndipo emergency stop ikadinidwa isalole restart mpaka munthu apange reset ndi dzanja. Pa VFD dikiraninso maminitsi amene alembedwa pa chivindikiro musanagwire ma terminal, ma kapasita amasunga voteji yakupha drive itazima kale.

Musaike kontakita pakati pa drive ndi mota imene izitseguka ndi kutseka mota ikuyenda, ndipo ramp yotsikira ikhale yaitali chifukwa fani yolemera imabweza mphamvu ku DC bus nkugwetsa drive pa overvoltage. Ngati AVR ya jenereta, imene imawongolera voteji yake, iyamba kuvutika ndi drive, line choke imathandiza.

Poyesa musangodina batani la test pa ATS, chifukwa pa ma ATS ambiri limadzutsa jenereta mains ilipo nkulumpha mofulumira, simuona mpata weniweni wa masekondi 10 uja. Tsegulani breaker ya mains imene imadyetsa ATS, uvuni uli wotentha koma mulibe katundu, clamp meter pa phase imodzi, wina ayang'ane display ya drive ndi ya burner, mulembe kuti kutentha kwatsika ndi madigiri angati mpaka moto kuyakanso. Kenako bwezani mains muonenso ulendo wobwerera. Ndipo yezani phase rotation ya jenereta ndi ya mains kuti ndi yofanana, VFD siisamala zimenezo koma fani ya exhaust ndi ya combustion air zimene zili pa DOL zizungulira chammbuyo ngati wina anasemphanitsa mawaya.